Thumba la Usipa m'Khola la Liyawu

Mpaka lero ndikadutsa pomwe akucheka matabwa a paini, mphuno zimandibwezera ku Sanjala, dera lina la m'tauni ya Lichinga, m'nyengo yozizira ya chaka chomwe galu wanga anaimbidwa mlandu. Fungo la utomoni limenelo linali la bambo anga. Ankagwira ntchito kochekera matabwa, ndipo madzulo ankabwera utuchi uli m'tsitsi, m'makutu ndi m'matumba a malaya. Tinali titangobwerera kumene kuchokera ku Malawi komwe tinathawira nkhondo, ndipo tinkachita lendi kanyumba ka zipinda ziwiri mumpanda wa Che Saidi.

Che Saidi anali munthu wa ku Meponda, wamtali, wosalankhulalankhula, kachipewa koyera sikankachoka kumutu. Ankapikula usipa kwa abale awo kunyanja n'kumagulitsa ku merikado, msika wa m'tauni. Usipawo ukakwera kumtunda kuno unkagwira chinyezi cha nkhungu ya m'mawa, choncho ankauyanikanso pa thandala pakati pa bwalo dzuwa likangotuluka. Bwalo lonse linkanunkha nyanja yomwe ine ndinali ndisanaionepo. Zovala zathu nazo zinkanunkha, moti ku sikola anzanga ankanditchula mwana wa msodzi.

Galu wanga ndinamutola m'ngalande ali kamwana, ndipo ndinamupatsa dzina loti Liyawu, kutanthauza mkango m'Chipwitikizi. Linali limodzi mwa mawu ochepa a chilankhulocho omwe ndinkadziwa, ndiye ndinafuna kuti anthu amve. Mkango wakewo unali wofiirira ngati dothi la Lichinga, khutu limodzi logwa, ndipo unkathawa nkhuku ya anapiye mchira uli pakati pa miyendo. Che Saidi sanamugwirepo ngakhale kamodzi. Liyawu akanunkhiza ketulo yomwe ankasambira asanaswali, akazi awo, Abiti Jafali, ankaikwecha ndi dothi mobwerezabwereza. Mayi anandiuza kuti kwa anzathuwo malovu a galu amadetsa chiwiya. Ine ndinamva zanga: anthuwa amadana ndi galu wanga.

Ndiyenera kunena kuti nthawi imeneyo ndinali wofufuza milandu. Kuwerenga ndinadziphunzitsa ndekha ndi kabuku kopanda chikuto komwe tinabwera nako m'katundu, konena za wapolisi wina wochenjera. Tsoka lake, masamba omaliza amalume anali atapichira fodya. Choncho m'kabukumo ndinaphunzira kukayikira aliyense, koma momwe mlandu umathera sindinaphunzire.

Usipa unayamba kusowa chisanu chitafika pachimake. Nthawi zonse unkasowa pangodya imodzi ya thandala, pomwe mphasa inkalendewera pansi pang'ono. Abiti Jafali anayamba kukhala pakhonde akusankha nyemba, maso ali pabwalo. Mayi anayamba kutinunkhiza m'manja ine ndi mlongo wanga Roza. Moni wa m'mawa pakati pa nyumba ziwirizo anafupika. Tsiku lina madzulo Che Saidi anabwera n'kukhala pa chitsa pafupi ndi bambo, nafunsa za kuntchito, za chimfine cha mayi, za mtengo wa makala, kenaka anafika pomwe ankapita.

"Bambo a Mateyu, sindikunena kuti ndi galu. Koma usipa sumera miyendo."

Mpandawo sunali wathu, ndipo nyumba za lendi zinali zosowa chifukwa obwerera tinali ambiri. "Timutsekere tione, Che Saidi," anatero bambo. "Usipa ukapitiriza kusowa, wakuba ndi wina. Ukaleka, galuyu ndikamusiya kumudzi kwa alamu anga."

Kumudzi kwa amalumewo ndinkakudziwa. Agalu ankasaka nawo nguluwe zomwe zinkaononga chinangwa, ndipo sindinaoneko galu wokalamba. Ndikaganiza za Liyawu, wothawa nkhuku uja, ataima maso ndi maso ndi nguluwe, ndinkaona kuti sangathe ngakhale sabata.

Loweruka bambo anabwera ndi zotsalira za matabwa atamanga pa njinga. Anakhoma khola loti galu akhoza kuimiriramo ndi kutembenuka, matabwa ake otalikirana mwakuti dzanja langa linkalowa, pamwamba n'kuikapo lata lakale lopsinjidwa ndi mwala. Linkanunkha utomoni, ndipo madontho ake ankamata zala. Aliyense wodutsa anali ndi maganizo ake. Mayi anati galu wotsekeredwa ndi wongodya chabe, wakuba akhoza kutinyamula tonse iye akuonerera. Mnzawo wa bambo anati atsekenso mipata yonse kuti mukhale mdima, azimuthirira tsabola m'chakudya, atuluke ali wolusa ngati wa kwa mwenye. Bambo anangopitiriza kukhoma, misomali ili kukamwa. Nditamulowetsa, Liyawu anandiyang'ana pakati pa matabwa ngati ndine ndamugulitsa.

Apa ntchito yanga yofufuza inayamba. Ndinakayikira Ali, mwana wa Che Saidi, chifukwa ankatafuna chinachake nthawi zonse. Ndinakayikira mphaka wa kuseri kwa mpanda, akhwangwala a mu bulugama, mayi wogulitsa makala yemwe nsalu yake inkaoneka yotupa, ngakhalenso Roza, mlongo wanga weniweni. Ndikaweruka ku sikola ndinkathamangira pa thandala kukaona ngodya ija, ndipo tsiku lililonse ndinkaipeza yodzaza, usipa ukunyezimira padzuwa. Lamulungu kutchalitchi, anzanga akupempherera odwala, ine ndinkapempha kuti wakuba uja apatsidwe mphamvu ndi kulimba mtima abwerenso. Sindikudziwa ngati kumwamba kunafikapo pemphero lina lotere chaka chimenecho.

Chisanu cha kwathu sichiseweretsa. M'bandakucha madzi a mumtsuko ankaluma mano, ndipo nkhungu inkaphimba bwalo mpaka thandala osaoneka. Kale Liyawu ankagona paphulusa lofunda kukhitchini, koma tsopano mphepo inkangodutsa m'mipata ya khola. Ankalira kulira kwakung'ono, kosalekeza, ine ndikumva ndili m'bulangete limodzi ndi Roza. Kenaka tsiku lina sanalire. M'mawa nditapita ndi mkute, ndinamupeza atadzipinda pa thumba la chiguduli, lonunkha usipa, mamba ali mbuu pa ubweya wake.

Wapolisi wa m'kabuku kanga anakumanapo ndi zoterezi: munthu woipa amaika katundu wobedwa m'nyumba ya wosalakwa. Ndinasolola thumbalo msanga, ndinam'sasa Liyawu mamba onse, n'kukalikankhira pansi pa masamba ouma a nthochi kuseri kwa bafa. Mawa lake m'kholamo munali thumba lina. Nalonso ndinakabisa. M'mawa wotsatira ndinadzuka mawu oitanira kumzikiti akumveka, ndinagwada pachitseko diso lili pa mng'alu, mawondo akuzizidwa ndi simenti. Mu nkhungumo munatulukira Che Saidi atafunda chikhoti, m'manja muli nsungwi yaitali, thumba likulendewera kunsonga. Anaima patali, analowetsa thumbalo pakati pa matabwa pang'onopang'ono, nalikankhakankha mpaka litayalika. Kenaka anatsamiritsa nsungwi kumpanda n'kutuluka pageti.

Ndinali nditagwira munthu. Ndinauza mayi monong'ona akukoleza moto, iwo anangoti ndikasambe ndichedwa ku sikola. Ndinaganiza kuti nawonso akuopa eni mpanda, choncho umboni wanga ndinausunga ngati mmene wapolisi uja akanachitira.

Mwezi utatha, usipa sunasowe ngakhale umodzi. Loweruka m'mawa bambo anatulutsa njinga, anapopa matayala, natenga chingwe cha khonje. Sanandiyang'ane. Che Saidi anali pa thandala akuyala nsomba, Abiti Jafali ndi mayi ali pampopi. Ine ndinathamangira kuseri kwa bafa, ndinabwera nditakumbatira matumba onyowa ndi mame, n'kuwaponya pakati pa bwalo. Mawu anatuluka okwera kuposa momwe ndinakonzera. Ndinati galu wanga akumunamizira, ndinaona ndi maso anga Che Saidi akuika matumba a usipa m'khola kuti anthu aziti ndiye wakuba.

Mayi anagwira pakamwa. Ndinaona dzanja la bambo likufungatira chingwe chija mwa mtundu wina, ndipo ndinadziwa kuti chikhoza kuyamba ndi ine chisanafike kwa galu. Che Saidi anayang'ana matumbawo, kenaka ine, ndipo mapewa awo anayamba kugwedezeka ndi kuseka.

"Ndiye ndiwe, Che Mateyu? Ine ndimati galuyu akudya ndi matumba omwe!" Anapukuta m'maso ndi chala. "Amalira ngati khanda, mwanawe. Munthu ungaswali bwanji cholengedwa chikulira ndi chisanu pakhomo pako?"

Bambo anayamba kupepesa, koma Che Saidi anakweza dzanja n'kuloza chingwe. "Nanga ichi n'chachiyani? Wakuba tamupeza, ndipo nyumba mwamumangira kale. Usipa ukakhala pa thandala azikhala m'menemo. Ukalowa m'nyumba, mutsegulireni azitilondera tonse."

Zinatha choncho. Bambo anabweza njinga m'nyumba, ndipo ine ndinalamulidwa kuchapa matumba onse ndi kukagwada pakhonde la Che Saidi. Madzulo amenewo nditatsegula khola, Liyawu anatuluka ngati mphepo, anazungulira bwalo, n'kukaima pangodya ija ya thandala, miyendo yakutsogolo ili m'mwamba, akununkhiza mphasa yopanda kanthu mwaluso la munthu wodziwa ntchito yake. Aliyense anaona. Ine ndinayang'ana kumbali. Mdima utayamba ndi chisanu kutsika, anakalowa yekha m'khola, chitseko chili chotsegula, nazungulira pathumba lake n'kugona.

Musaganize kuti ndinagonja tsiku lomwelo. Kwa masabata angapo ndinkakhulupirirabe kuti wakuba weniweni anangoleka dala kuti galu wanga aoneke wolakwa, ndipo kuseka kwa Che Saidi ndinkakuona ngati nzeru zina zakuya. Wofufuza wa buku lopanda mapeto satseka mlandu msanga. Liyawu anakalamba mumpanda momwemo mpaka ndevu zinachita imvi, ndipo nguluwe sanaionepo.

Masiku ano ndili ndi galu wanga kuno ku Assumane, ndipo ana anga amakangana ngati kutsekera galu m'khola ndi nkhanza kapena ayi. Amandionetsa pafoni zomwe alemba anthu a mbali zonse, ine n'kuwerenga mpaka kumapeto, poti tsopano masamba omaliza sindiwasiya. Ndimangokumbukira kuti ndili mwana ndinayang'ana matabwa aja n'kuona ndende, ndinanunkhiza thumba lija n'kumva msampha. Zinanditengera zaka kuti ndiganizire za nsungwi ija. Munthu amene sakanatha kugwira galu ndi dzanja lake anayendayenda mumpanda m'chisanu, nkhungu ili tolo, kufunafuna mtengo wautali woti ufike pomwe iye sakanafika.