Ndinakanena Mwana wa Mlongo Wanga

Inu ana athu ophunzira m'mayunivesite a kuno ku Toronto, mverani, pakuti mnzanu akayamba kusokonekera, oyamba kuona ndinu.

Mwana wa mlongo wanga, amene ndinkamusunga ku Scarborough, atalephera mayeso analeka kugona, nayamba kunena modekha kuti mphunzitsi wake sadzaiona Khirisimasi. Akulu a mpingo anati za m'banja sizituluka pakhomo, tingopemphera. Ndinapemphera, koma ndinakweranso basi kukauza gulu la payunivesite lofufuza za ophunzira oopseza ena. Atandifunsa ngati mnyamatayo ali ndi chida, ndinawauza kuti sindikudziwa. Anamutengera kuchipatala.

Mlongo wanga anandiuza pafoni, "Achimwene, mtsibweni amafunditsa mwana, samugulitsa." Sanandiyankhulenso, ndipo mnyamatayo sanachirebe.

Ngakhale zili choncho, mukamva mnzanu akulonjeza kuvulaza munthu, kaneneni tsiku lomwelo.