Belu la Makondakitala

Ndikukumbukira bala yakalekale ija ya pakati pa Woolwich ndi Thamesmead, kuno kudziko la azungu, momwe mayi anga ankaphikamo. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo ndikaweruka kusukulu ndinkawadikirira pakona, m'fungo la mowa wogonera ndi makapeti onyowa.

Akuti kale pamenepo panali mudzi, ndipo mabasi okokedwa ndi mahatchi ankathera pakhomo pomwepo. Mahatchi ankamwa pamwala wogoba wa panja, oyendetsa n'kumamwa m'katimo. M'nthawi yanga munangotsala nkhalamba zochepa, madalaivala ndi makondakitala opuma ntchito, aliyense pampando wake, osayankhulana.

Pamwamba pa kauntala panali belu la m'basi yakale, lachingwe. Mayi anandiletsa kulikhudza, koma sananene chifukwa chake. Kulakwa kunali kwawo kumeneko. Masana ena kukugwa mvula, mwini bala atalowa kukhitchini, ndinakwera pampando n'kukoka kawiri. Ngee! Ngee!

Palibe anaseka. Nkhalamba zonse zinaimirira, zipewa m'manja. Kani belulo ankaliimba kawiri mnzawo akamwalira, monga kondakitala amauzira dalaivala kuti basi inyamuke. Anayamba kuyang'anana, kuwerengana ndi maso.

"Ndi Len," mmodzi ananong'ona, akuloza mpando wopanda munthu wa pawindo. "Wamuona liti iwe?"

"Ndimayesa wamuona ndiwe."

Mayi anatuluka chipande chili m'manja. "Tadala! Iwe mwana ndiwe mfiti eti? Ukufuna andichotse ntchito?"

Anandikoka khutu mpaka panja, koma nkhalambazo zinali zitatipitirira kale, zikutsimphina kulowera kufulati komwe a Len ankakhala. Anawapeza ali gone pansi kubafa, ozizira ngati mwala, koma akupuma. Anali atagwa dzana lake. Madokotala akuti anati usiku wina umodzi sakanaumaliza.

Mayi anandilanda foni mwezi wathunthu, n'kundiuza kuti ndikapepese. Sindinapepese, ndipo mpaka lero ndikakumbukira nkhope za nkhalamba zija ndimaseka ndekha m'basi.

A Len anamwalira chaka chotsatira kunyumba yosamalirako okalamba. Bala inali itatsekedwa kale, mawindo atakhomedwa matabwa, anzawo atabalalika. Mayi anamva za malirowo atawaika kale.

Chimene ndinatolapo n'chakuti kuno munthu ukhoza kusowa pampando wako masiku ndithu, anzako ali pomwepo, osacheuka. Amafunsa za iwe akamva kuti wafa. Ndiye ine bodza loti munthu wafa sindiliona ngati tchimo, bola likafike mwiniwake akadali moyo.