Zala za a Jafali

Ndinadzuka tambala asanalire, ngakhale kuti kugona kwake kunali kongonamiza thupi. Amuna anali atachezera panja, ashehe akuwerenga dua, thupi la achimwene lili m'nyumba kudikira kusambitsidwa. Kuseri azimayi anali atasonkha kale moto, akupeta mpunga. Mwera unkabwezera utsi wonse m'maso mwathu.

Achimwene ankaimba gitala. Paunyamata wawo anali ndi bandi imene inkavinitsa alendo m'mahotela a kunyanja kuno: thwisiti, rumba, simanjemanje, ndi nyimbo zachizungu zimene ankatola pa wailesi osamva n'komwe tanthauzo lake. Bandiyo inatha pamene woimba ng'oma wawo, a Jafali, anapeka kanyimbo kodandaula za makhadi a chipani. Wina anakawanenera. A Jafali anathawa pa bwato, ndipo kwa zaka zambiri dzina lawo sitinkalitchula ngakhale m'nyumba.

Kutacha anthu anayamba kufika, asodzi, amalonda a ku Chipoka, alimi a ku Chitala pa njinga zawo. Pakati pawo panali bambo wina wa jekete yositidwa bwino ndi nsapato zosadziwa mchenga. Palibe ankamudziwa. Anakhala pafupi nane n'kuyamba kukumbutsa zakale: mabuluku otambalala kumiyendo aja asanaletsedwe, tsitsi la achimwene, nyimbo imene ankatsekera dansi. Ankadziwa zambiri, ndipo zimenezo n'zomwe zinandiopsa. Munthu wodzalira maliro sakhala ndi mafunso ngati limene anandifunsa kenako, ndipo ndinaganiza kuti ndi kazitape wa boma, poti a Jafali ankafunidwabe.

"Nanga wang'oma uja, mumamvako za iye?" anandifunsa.

"Ine ndinali mwana, bambo," ndinayankha.

Dzuwa litakwera tinanyamula jeneza, chonyamulira maliro. Kwathu kuno mwamuna aliyense amalandirako paphewa, n'kusiyira mnzake. Kutsogolo kwanga kunalowa mkulu wina woonda, atakulunga nsalu kumutu ngati wodwala dzino. Nkhope sindikanaizindikira. Koma zala zija! Zinkagogoda pa mtengo wa jeneza pang'onopang'ono, monga mmene a Jafali ankagogodera pa chitseko chathu akamadikira achimwene kuti avale. Mantha anandigwira. Ndinasanjika dzanja langa pa zalazo n'kuzipanikiza, ndipo zinaleka. Nditacheuka, wa jekete uja anali kumbuyo kwanga kwenikweni, maso ali pa dzanja langa.

Kumanda a Jafali anathira dothi lawo mwakachetechete. Titabwerera kunyumba anavula nsapato zawo za matayala pakhomo n'kukhala pa mkeka pakati pa asodzi. Ndinkafuna kuwanong'oneza kuti azipita, koma ashehe anandiitana kuti ndikathokoze anthu. Pobwerera ndinapeza malo awo alibe munthu. Wa jekete uja nayenso kunalibe.

Ena anati anamva galimoto ikulira kumsewu. Ena anati padoko pasowa bwato limodzi. Aliyense ankalankhula motsitsa mawu, akuyang'ana mnzake m'mbali, ndipo inenso ndinayamba kukayikira ngakhale anthu amene ndinakula nawo.

Madzulo nyumba inali zii. Gitala ya achimwene inali pa msomali wake, chingwe chimodzi chitaduka. Alamu anga, akazi a malemu, akusesa pakhomo anapeza nsapato za matayala zija zili pomwe zinavulidwa.

"Kodi izi n'zayani?" anafunsa.

"N'za mlendo," ndinatero. "Adzazitenga."

Ndinaziika pansi pa gitalayo. Usiku umenewo chitseko sindinakhome, ndipo palibe amene anagogoda.