Uhedigelo Wanga ndi Maliro a ku Chimwankhunda

Ndinakulira ku Nkolokosa, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Bambo anali kalaliki mu ofesi ina m'tauni, mayi ankagulitsa makala ndi tomato pakhomo. Udindo wanga woyamba kusukulu unandipeza ndili Sitandade 5. Kalasi yathu inali yodzaza, ena ankakhala pansi mpaka pakhomo, ndipo aphunzitsi ankafuna monita woti akati "Chete!" amve ndi akumbuyo omwe. Ine ndinali wamtali komanso wa mawu aakulu, basi anandiloza. Ndinkasunga choko, kugawa matsache ndi kuwongola mzere wa phala. Pa nthawiyo ndinkaona ngati kutsogolera anthu n'komweko.

Sekondale ndinaphunzira pasukulu ina yoyendera cha ku Naperi. Kumapeto kwa Fomu 3 anzanga anandivotera kukhala hedigelo. Ntchito yake inali yodziwika kale: kuimika anthu pa asembule, kugwira ochedwa pageti, kuona ngati malaya apisiridwa. Ndinkaigwira bwino ndithu, ndipo palibe tsiku limene inandisowetsa tulo, mpaka m'mawa wina wa nyengo ya mvula tili Fomu 4.

M'kalasi mwathu munali mtsikana wina wa ku Chimwankhunda, wa banja la Chisilamu. Ankakhala desiki ya kutsogolo kwanga. Anali wofatsa, wodziwa masamu, ndipo sitinali pa ubwenzi weniweni, tinkangobwerekana rula ndi kupatsana moni. Bambo ake ankayendetsa minibasi ya pakati pa Limbe ndi m'tauni. Tonse tinkawadziwa chifukwa akatipeza tikunyowa pamsewu ankaima n'kunena kuti, "Anzake a mwana wanga awa, kwerani."

M'mawa umenewo madamu amene anali achiwiri kwa ahedi anandiitanitsa ku ofesi. Ndinapezamo bambo wina atavala mkanjo woyera, atakhala kumphepete kwa mpando, akuyang'ana pansi. Madamu ananditulutsa pakhonde n'kutseka chitseko.

"Awo ndi bambo aang'ono a mnzako uja wa ku Chimwankhunda," anatero motsitsa mawu. "Bambo ake agwa pa depoti ku Limbe mamawa uno. Pofika nawo kuchipatala n'kuti atatisiya kale. Pita ukamuitane, atenge ndi chikwama chake. Usakamuuze kanthu. Ndipo iwe usalire."

Ndinayenda pakhonde mpaka pakhomo la kalasi yathu. Ndinagogoda, ndinapempha aphunzitsi a bayoloje kuti amulole atuluke. Iye anaimirira akumwetulira pang'ono, anzathu akumuseka kuti wapalamula. Titatuluka anandifunsa kuti, "Ndalakwa chiyani?"

"Sunalakwe. Akukufuna ku ofesi."

"Nanga chikwama n'cha chiyani?"

Tinayenda pang'ono, kenako anaima n'kundiyang'ana m'maso. "Ndi amayi kapena ababa?"

Bodza sindikanatha, zoona anali atandiletsa. Ndinangomulanda chikwama n'kuchikoleka paphewa panga, ndinamugwira dzanja. Tinafika ku ofesi, ndipo mnzangayo atangoona bambo ake aang'ono, anangokhala pansi pasimenti.

Awiriwo atanyamuka, madamu anandiuza kuti mwambo woika maliro uchitika tsiku lomwelo ikatha swala ya masana, pemphero la Asilamu. Ahedi anali ku msonkhano, iwo sakanasiya sukulu yokha. Anati a Fomu 4 tipite tonse. Anyamata adzatsogoleredwa ndi aphunzitsi ena aamuna mpaka kumanda. "Atsikana ali m'manja mwako," anatero. "Kumeneko kulibe mphunzitsi amene akalowe nanu."

Nditabwerera m'kalasi ndinapeza nkhani itafika kale. Ena ankalira, ena ankalongedza mabuku. Mtsikana amene ankatsogolera kwaya ya sukulu anali atayamba kale kusankha nyimbo, monga tinachitira chaka chapitacho pa maliro a mayi a mnzathu wina ku Zingwangwa. Ine ndinaima kutsogolo, onse akudikira kuti ndinene chochita, ndipo ndinazindikira kuti sindikudziwa kalikonse. Ndinakulira mu mpingo wa Chipresibateriya. Maliro a Chisilamu ndinkangowaona akudutsa pamsewu.

Ndinawauza kuti andidikire. Ndinapita m'kalasi ina ya Fomu 4 kukaitana mtsikana wina wa ku Naperi amenenso anali Msilamu. Ndinamuuza mosabisa kuti, "Ine sindikudziwa mmene zimakhalira kwanu. Tandiuza, tisakachititse manyazi mnzathu."

Anandifotokozera modekha. Aliyense afunde kumutu ndipo avale chitenje. Polowa m'nyumba tivule nsapato. Nyimbo za kutchalitchi ayi, kulira kofuula ayi. Kumanda kumapita amuna okha.

Nditabweretsa uthengawu m'kalasi, wa kwaya uja sanaulandire. "Ndiye tikangokhala duu? Kupepesa kwake kuli pati popanda nyimbo?"

"Tikakhala naye mnzathu," ndinatero. "Maliro ndi a kwawo, tikatsata za kwawo."

"Iwe ndi hedigelo wa pasukulu pano, osati wa kumaliro."

Mawu amenewo anandilasa. Koma ndinaona kuti nayenso maso ake anali ofiira. Kuimba ndi kumene ankadziwa kupereka. Ndinamuuza kuti mnzathuyo akadzabwerera kusukulu tidzamufunsa, akadzalola kwaya idzamuimbira pa asembule. Buku la nyimbo analibwezera m'chikwama.

Vuto lina linali zitenje. Tinali mu yunifomu, masiketi ofika m'mawondo. Ndinapempha onse okhala pafupi ndi sukulu kuti athamangire kwawo akatenge zitenje ndi maduku a amayi awo, aliyense zochuluka mmene angathere. Anabwera nazo zina zonyowa, zongoanulidwa pachingwe. Tinavekana pansi pa mtengo wa pageti, n'kuuyamba ulendo wapansi, anyamata patsogolo, ife pambuyo.

Tisanafike pasiwa tinaona maminibasi ataimikidwa mondondozana m'mbali mwa msewu, opanda munthu m'kati. Madalaivala, makondakitala ndi oitanira, anthu amene tinazolowera kuwamva akukuwa tsiku lonse, anali atakhala pamiyala ndi m'mphepete mwa ngalande, manja ali m'masaya. Anzanga amene ankanong'onezana m'njira anasiya okha.

Anyamata anapatukira kumene kunali amuna. Ife tinazungulira kuseri kwa nyumba. Mayi wina wachikulire amene ankayendetsa zinthu kumbali ya amayi anatiyang'ana n'kufunsa kuti, "Wamkulu wanu ndani, ana inu?"

Ndinagwada. "Ndine, amayi. Ndife anzake a kusukulu. Mutiuze pamene tingathandize."

Anati m'nyumba ndi mochepa, mulowe ochepa okha. Madzi ndi amene ankasowa, chifukwa mpopi wa pakhomopo unali utauma. Ndinagawa anzanga. Ena anatenga ndowa kupita kukiyosiki yogulitsira madzi, ena anakhala potsuka mbale, ena anakathandiza kusankha mpunga. Wa kwaya uja ndinamutenga kulowa naye m'nyumba, pamodzi ndi mtsikana wa ku Naperi.

Mnzathu anali pamphasa pambali pa mayi ake, atafunda nsalu mpaka pamphumi. Anangosuntha pang'ono kutipatsa malo. Tinakhala pamenepo nthawi yaitali, mapewa atagundana, tikumva amayi akuwerenga mapemphero chapansipansi m'chinenero chimene sindinkachimva. Mwendo unachita dzanzi koma sindinasunthe.

Nthawi yonyamula thupi itakwana, amuna anatulutsa jeneza, chonyamulira maliro chija, n'kuyamba kuyenda mofulumira akulandizana pamapewa. Amayi tinatsala titaima pabwalo. Pamenepo mtsikana wina wa m'kalasi mwathu, amene bambo ake anamwalira tili Fomu 2, anayamba kulira mokuwa, akuitana bambo akewo. Amayi ena anatembenuka. Ndinamugwira m'chiuno n'kupita naye kuseri kwa bafa la nyumba yoyandikana nayo. Sindinamuletse kulira. Ndinamukhazika pa njerwa, ndinakhala naye mpaka mtima unatsika. Kenako nanenso ndinalira, koyamba tsiku limenelo, iye n'kumandipukuta ndi nsonga ya chitenje chobwereka.

Tisanabwerere, mayi wachikulire uja anati ndilankhule m'malo mwa sukulu. Pa asembule ndinkalankhula sabata iliyonse, koma apa mawu onse anathawa. Ndinagwada pamaso pa mayi a mnzanga n'kunena kuti, "Amayi, pepani. Bambo ankatikweza mvula ikatipeza pamsewu. Mwana wanuyu ndi mnzathu, sitimusiya." Anandigwira mutu.

Masabata anadutsa, desiki ya kutsogolo kwanga ili yopanda munthu. Kenako mtsikana wa ku Naperi anandiuza zimene anamva kumzikiti: akubanja agwirizana kuti mayiwo ndi ana abwerere kumudzi ku Machinga, chifukwa nyumba ya ku Chimwankhunda inali ya lendi. Mayeso a Fomu 4 anali atatsala miyezi yochepa.

Ndinathamangira kwa madamu ndili ndi mtima woti sukulu iletse zimenezi. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Sukulu singalamule banja la eni. Komanso iwe wamufunsa mwini wakeyo chimene akufuna?"

Ndinali ndisanamufunse. Loweruka ndinapita. Ndinamupeza akuchapa kuseri kwa nyumba, ataonda. Tinakamba za kusukulu, za aphunzitsi a bayoloje, kenako ndinamufunsa.

"Mayeso ndikufuna kulemba," anatero akufinya malaya a mng'ono wake. "Koma ndingawauze bwanji bambo aang'ono? Asenza kale zambiri. Ndikatsala ndikhala kwa yani?"

Madzulo ake ndinakamba ndi makolo anga. Mayi ndi amene anayankha kuti, "Pamene ugona iwe, awiri mukwanapo." Tsiku lotsatira titaweruka kutchalitchi, mayi anamanga chitenje chawo chabwino n'kundiperekeza ku Chimwankhunda. Iwo ndi amene anayamba kulankhula ndi bambo aang'ono aja, ine nditakhala pansi pambali. Atandipatsa mpata ndinafotokoza mmene mnzanga ankakhozera masamu, ndi kuti nthawi yotsala inali yochepa.

Bambowo anamvetsera mwaulemu. Anathokoza mayi kwambiri, koma anakana. Anati mwana wamkazi amene wangotaya bambo ake ayenera kukhala pakhomo pamene azipemphera ndi kudya monga mwa chipembedzo chake, ndipo sakufuna kutipatsa mtolo wosintha kaphikidwe ndi kakhalidwe ka pakhomo pathu. Pobwerera ndinali nditakwiya. Mayi anati, "Sanakane sukulu bambo aja. Akana nyumba yathu. Unamvetsera bwino?"

Lolemba ndinakafotokozera mtsikana wa ku Naperi zonse. Iye anakakamba ndi makolo ake, amene anali ndi sitolo ya nsalu ku Limbe ndipo malemuwo ankawadziwa. Bambo ake anapita okha kukaonana ndi bambo aang'ono aja. Ine kumeneko kunalibe, ndipo zimene anakambirana sindikuzidziwa. Ndinangomva kuti zatheka: mnzathuyo azikhala kwawo kwa mtsikana wa ku Naperi mpaka mayeso atatha. Kamtima kena kanandiwawa kuti nzeru yanga si imene inagwira ntchito, koma m'mawa umene ndinamuona mnzangayo akulowa pageti, yunifomu ikumukhwepa, zonsezo ndinaiwala. Anali atachedwa. Ndinamutsegulira geti n'kupitiriza kugwira ena.

Anali atatsalira kwambiri m'maphunziro. Tinagawana m'kalasi, aliyense phunziro limene ankalidziwa, n'kumatsala naye tikaweruka. Ine ndinatenga Chichewa ndi jogalafe. Masiku ena ankangoyang'ana pawindo osamva chimene tikunena, ndipo tinaphunzira kumusiya, n'kudzayambiranso mawa lake. Mayi ake ndi ang'ono ake atanyamuka kupita ku Machinga anajomba masiku angapo, koma anabweranso.

Tinalemba mayeso m'nyengo yozizira, chiperoni chitakuta phiri la Soche. Titamaliza pepala lomaliza, bambo ake aang'ono anabwera kudzamutenga. Ine ndi mtsikana wa ku Naperi tinamuperekeza mpaka ku depoti ya ku Limbe. Oitanira ena atamuzindikira anamulandira chikwama n'kumukhazika mpando wa kutsogolo. Iye anayang'ana pabwalo la depotiyo kanthawi, kenako anatulutsa dzanja pawindo n'kutigwira aliyense.

"Mukawathokoze onse," anatero. "Ndi amayi ako omwe."

Zotsatira zitatuluka ndinamva kuti wakhoza. Patapita zaka anachita maphunziro a uphunzitsi, ndipo lero akuphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kwawo komweko. Timaimbirana foni mwa apo ndi apo, kawirikawiri pa nthawi ya Idi kapena Khirisimasi. Timakamba za ana athu ndi za kukwera mitengo kwa zinthu. Za tsiku lija sitinakambepo.