Nsomba ya Mawa

Mundikhululukire polimba mtima kulemba izi. Ine sukulu ndinayambira kumudzi, kumene tinkangokopera za pabolodi osafunsa kanthu.

Chaka chatha ndinkakhala kwa amayi aang'ono ku Kafue, n'kumakwera minibasi kupita kukoleji ku Lusaka. Kuti ndimalize maphunziro a kompyuta ndinayenera kupereka pulojekiti imodzi, ndipo ikanakanidwa ndikanabwereza chaka. Ndinalemba pulogalamu yophunzira yokha poyesa ndi kulakwitsa. Inkayendetsa kabwato kongoyerekeza pamtsinje, ulendo wopanda mapeto, ndipo kakapeza nsomba kankalandira mapointi. Ntchito yake inali kuwerengera mtengo wa malo alionse, ndiko kuti mapointi onse amene kabwatoko kangadzapeze kuchokera pamenepo kupita m'tsogolo.

Buku linkati mapointi a sitepe yotsatira ya kabwatoko azichulukitsidwa ndi nambala yochepera pa wani, monga 0.9. Ine ndinaona ngati kubera. Kumudzi tinkalandira chikwapu tikasiya kanthu powonkhetsa, choncho ndinaikapo wani kuti zonse ziwerengedwe zathunthu. Manambala anayamba kukwera osaima, ine n'kumakondwa.

Aphunzitsi athu, mayi wosaseka wamba, anayang'ana pakompyuta n'kundifunsa ngati ndingatsimikize papepala kuti manambalawo adzaima penapake. Ndinati inde, poopa kuwakhumudwitsa. Anandipatsa milungu iwiri. Mlungu woyamba unatha pepala lili mbee.

Loweruka ndinaperekeza amayi aang'ono kudoko la Chanyanya kukaoda nsomba. Msodzi wina anawanyengerera kuti atenge zochepa tsikulo, zambiri adzawapatsa mawa lake.

"Ba tate, nsomba ya mawa siingalingane na ya lelo," anatero amayi akutsegula dengu. "Ya mkuja ndiye musakambe."

Pobwerera, dengu lili pamiyendo, mawuwo sanandichoke. Ngati za mawa zichepako, za mkuja n'kuchepanso kuposa apo, ndiye kuti ngakhale ulendo usathe, chiwonkhetso chili ndi malire. Kunyumba ndinalemba matebulo awiri a mitengo ya malo, lililonse ndi manambala oyambira ongopeka. Ndinaonetsa kuti ndikawerengera kamodzi ndi 0.9 uja, kusiyana kwakukulu pakati pa awiriwo sikungapose magawo asanu ndi anayi mwa khumi a kusiyana kwakale. Kumangochepa choncho mpaka onse akumane pa yankho limodzi, zilibe kanthu unayambira pati. Ndi wani wanga uja, panalibe chokakamiza kusiyanako kuchepa, ngakhale choimitsa manambala.

Aphunzitsi anawerenga mzere ndi mzere, cholembera chili m'manja. Anandibweza kamodzi chifukwa sindinalembe kuti mapointi a sitepe imodzi nawonso ali ndi malire. Ndinakonza pompo.

"Tsopano zaima," anatero, n'kusaina.

M'minibasi ndinagona mpaka kondakitala anandigwedeza titafika pasiteshoni. Linali Lachisanu lomaliza la mwezi wa Meyi, chaka chatha.