A Zakeyu ndi kabokosi kophethira

Tsiku loyamba, a Twalibu anawapeza a Zakeyu ataima pa geti la nyumba ina ku Benoni, makiyi ali lendelende m'chiuno. Moni wa Chizulu unathera panjira atazindikirana kuti onse ndi akumudzi.

"Mwadzatani, achimwene?"

"Kudzalumikiza maswichi ku foni ya abwana, madala. Geti, magetsi, pampu, zonse zizimvera foni."

"Nanga ine andisungiranji?"

A Zakeyu anachoka ku Ntcheu mu 1996, ndipo nyumba imeneyi anaisamala mpaka imvi zinawamera. Swichi iliyonse ankaidziwa ngati mwana wobala okha. Lamulo lawo linali limodzi: kumwamba kukada, zula chilichonse pakhoma. Chaka chawo choyamba mphenzi inapsereza wailesi ya abwana iwo akuona, ndipo sanaiwale.

A Twalibu anagwira masiku anayi, kukanikiza swichi iliyonse mpaka pulogalamu ya pakompyuta iizindikire, kenako kuitcha dzina. Pa geti anaikapo timabatani ta manambala. Zonsezi zinkadzera m'kabokosi kophethira kamene anakaika m'khonde. Lachisanu zinamvera. Loweruka abwana anaimba foni ali kunja kwa geti, mvula ikuwakhuthukira, manambala osatsegula.

Milungu itatu a Twalibu anatha nsapato kuchokera ku Actonville kumene ankakhala. Akafika, zonse zili bwinobwino. Anasintha mawaya, anafufuta pulogalamu n'kuyambiranso, mutu unawazungulira. Masana ena bingu linagunda iwo ali pomwepo, maswichi onse n'kuzimiririka pakompyuta. Atathamangira kukhonde anapeza a Zakeyu, pulagi ya kabokosi ili m'manja.

"Madala! Milungu yonseyi ndinu?"

"Ndikukupulumutsirani katundu. Kuthokoza kwake n'kumeneko?"

A Twalibu anafotokoza kuti anaikapo chotchinjiriza mphenzi, koma anangotaya malovu. Podziwa kuti abwana akamva ntchito ya mkuluyu yatha, anabisa nkhaniyo, kabokosi n'kukakhomera m'kabati. Mvula yotsatira a Zakeyu anakathimitsa swichi yaikulu ya nyumba yonse. Abwana anawapezerera.

Makiyi anawalanda, chipinda chakuseri chimene ankagonamo anatulukamo. Anawasiyira Lolemba lokha, lotchetcha kapinga, ndipo a Zakeyu anakakhala m'kanyumba ka malata ku Etwatwa. Pa geti lomwe analitsegula zaka zonsezo ankaima kudikira kuti wina awatsegulire ndi foni, poti manambala anakana kuwaloweza.

Chaka chimene a Zakeyu anamwalira, a Twalibu anakawazonda atanyamula shuga ndi buledi. Anatchaja foni pakhoma, n'kukhala pansi kucheza. Chakutali, cha ku Brakpan, kunagunda. Nkhalamba ija inadzuka pamphasa movutikira, inayenda chogwirira khoma, n'kuzula tchaja.

"Pulagi yanu ija ya m'kabati sindiifikira," anatero akuwapatsa foniyo. "Koma muno ndi mwanga."