Tsiku Limene Gitala ya Achimwene Inabangula M'tchalitchi

Achimwene anga amaperekera zakudya pa loji ina ku Senga Bay. Mlendo wina pochoka anawasiyira kabokosi kachitsulo kokhala ndi mabatani ozunguza ndi lina lopondapo, akuti nkolumikiza ku gitala. Achimwene atakalumikiza ku gitala yawo ndi kasipika ka m'nyumba, kanalira ngati udzudzu uli m'botolo. Basi anakaponya pansi pa bedi.

Ine ndinali Fomu 3, ndipo ndinkakonda nyimbo za azungu atsitsi lalitali aja, zimene gitala yake imachita kubangula. Pafoni ya mnzanga ndinaona kuti kabokosi kotere ntchito yake nkuumba mawu ndi kuwakhakhalitsa, koma mphamvu kalibe. Mphamvu imachokera ku ampulifaya yaikulu, yokankha masipika. Ndiye ampulifaya yaikulu kwathu konse inali imodzi yokha, ya kutchalitchi.

Kutchalitchiko nkhani ya gitala inali yovuta. Akulu ampingo ankati nchida cha m'mabala. Achimwene anachonderera kuti aziimba yawo m'kwaya mpaka anawapatsa mwezi umodzi woyesa: ikalira mwaulemu ikhala m'kwaya, ikalephera ituluka. Masabata oyambawo ankaiimba mofatsa, moti anthu akumbuyo ankawodzera.

Loweruka lomaliza ndinadzipereka kukasesa kutchalitchiko. Amayi anandiyang'anitsitsa. Osesa anzanga atapita ndinatenga gitala ija nkuyamba kuyesa kabokosiko. Podzera pa mikisa, makina osakanizira mawu aja, mawuwo ankatuluka opyapyala ngati wailesi yotha mabatire. Nditalowetsa waya wa kabokosi molunjika kumbuyo kwa ampulifaya, malata anayankha. Batani lokhakhalitsa ndinalifikitsa kumapeto, lapakati ndinalibweza, la besi ndinalikweza. Osaponda, gitala inkamveka yofatsa ngati kale. Kabokosiko ndinakabisa pansi pa benchi yakutsogolo, waya nkumudutsitsa kunsi kwa mkeka.

Lamulungu ndinakhala pabenchi yomweyo, nditapisira shati. Kwaya itafika pa ndime yachiwiri, ndinaponda.

Fumbi linatsika kudenga. Mileme inatuluka m'mapaso nkuyamba kuzungulira pamwamba pa abusa. Mayi wina wa m'kwaya anagwetsa buku la nyimbo.

"Mayo ine! Kodi jenereta yaphulika?"

"Zimitsani chinthucho!" anakuwa mkulu wampingo wina, mphunzitsi wopuma pantchito. "Zimitsani!"

Palibe ankadziwa pozimitsira. Kwaya inasiya. Achimwene okha ndiwo sanasiye. Anayang'ana zala zawo ngati nza munthu wina, nkukhwapulanso zingwe, mutu ukugwedera. Anaimaliza ndime yonse okha. Kunena zoona, mawu ake anali enieni aja a pafoni, mwinanso kuposa.

Mapemphero atatha, mkulu uja anatsata waya mpaka pamapazi anga.

"Mwana iwe, ichi nchiyani?"

"Nchokometsera mawu, bambo."

"Ndiye akoma?"

"Besi inachuluka pang'ono, bambo."

Mmodzi mwa akuluwo anatsokomola nkutembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

Anatiitanira tonse awiri pansi pa mtengo wa mango. Za ine sanachedwe nazo. Anati mwana wa sekondale ndi mutu wake, makolo akaona chochita. Mlandu unagwera achimwene.

"Phokoso si lanu, tamva," anatero mkulu uja. "Koma ife tikukuwa, kwaya yasiya, inu bwanji simunasiye?"

Ndinkayembekeza kuti anena kuti anasokonezeka, kapena kuti sanamve. Zikanatha bwino, poti ena mwa akuluwo ankaoneka kuti afewa kale. Koma achimwene sanatero.

"Sindinaimvepo ikulira choncho, bambo."

"Ndipo munasekerera."

"Ndinasekereradi."

Akuluwo anayang'anizana, osafunanso kukambirana. Gitala inatuluka tsiku lomwelo, ndipo mpaka pano kwaya yathu imaimba ndi manja okha. Pobwerera kunyumba achimwene anali patsogolo, gitala paphewa, ine m'mbuyo patali ndithu poopa khofi. Sanatembenuke mpaka kufika.